Kutsekula chipata sikokwanira, wodwala misala afunanso pogona



Ambiri mwa inu mukudziwa za chipata chotsekuka. Ena mudatuluka ku Mikuyu, ena mudabwerako ku Lusaka, ku Harare ndi ku Dar es Salaam itatha riferendamu ya pa 14 June 1993. Mudaona nokha kuti ufulu wopanda pogona ndi wowawa. Lero ndilankhula za anzathu ena amene amawatsekulira chipata koma osawapatsa pofikira, ndiwo anthu akuluakulu odwala matenda a misala.

Ndiyambe ndi zimene zidachitika ku South Africa. M'chaka cha 2015 boma la chigawo cha Gauteng lidalengeza kuti likuthetsa mgwirizano wake ndi zipatala za Life Esidimeni. Akuluakulu adati akupulumutsa ndalama komanso akubwezera odwala pakati pa anthu. Mawu okoma ndithu. Koma m'chaka cha 2016 odwala oposa 1,300 adasamutsidwa mwaphuma, ambiri kupita ku nyumba za mabungwe zopanda chilolezo choyenera, zopanda anamwino, mankhwala kapena chakudya chokwanira. Achibale ambiri sadauzidwe kumene anthu awo apita. Anthu 144 adamwalira, ena ndi njala, ena ndi ludzu, ena ndi chisanu. M'chaka cha 2018 Jaji Dikgang Moseneke adalamula boma kuti lipepese banja lililonse lodandaula ndi R1.2 miliyoni. Koma ndalama siidzutsa maliro.

Tsono taonani mbali inayo. Ku Belgium kuli tauni yotchedwa Geel. Kwa zaka mazanamazana mabanja a kumeneko akhala akulandira odwala misala m'nyumba zawo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 alendo otere adapitirira 3,000. Wodwala amadya ndi banjalo ndi kugwira nalo ntchito. Banjalo limalandira kangachepe kothandizira, anamwino amaliyendera, ndipo matenda akakula bedi limapezeka kuchipatala. Chiwerengero chidatsika kwambiri, koma mwambowo ulipobe.

Kusiyana kwake n'kotani? Ku Gauteng adatulutsa munthu, thandizo n'kulisiya m'mbuyo. Ku Geel thandizo limatsata munthu kumene wagona. Nyumba yothandizidwa ndiyo imeneyo: chipinda chake, kiyi m'thumba mwake, mankhwala osadukiza, wina wom'yendera sabata ndi sabata, ndi kantchito kom'patsa ulemu.

Nanga kwathu kuno? Munthu akapeza bwino ku chipatala cha misala ku Zomba kapena kwa a St John of God ku Mzuzu, amati abwerere kwa abale. Kumudzi mwina zingatheke. Koma m'tauni abalewo ali m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ndipo alandilodi sakufuna phokoso. Mtolo wonse umagwera mayi wokalamba. Mankhwala akatha, ya basi palibe, matenda ayambiranso. Mapeto ake ndi pa depoti, ana akum'genda, ife n'kumati adasuta chamba kapena adalodzedwa.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, makhonsolo a mizinda ndi mipingo apatule nyumba zochepa pakati pa anthu, osati kutchire, zokhalamo anthu atatu kapena anayi. Chachiwiri, aphungu athu aonetsetse kuti ndalama za umoyo zikufika kwa namwino woyendera nyumbazo ndi kwa banja losunga wodwala, ndiponso kuti nyumba iliyonse ikuyenderedwa ndi kuunikidwa. Chachitatu, mwini wake afunsidwe kumene afuna kukhala. Tidakana kuti munthu mmodzi atiganizire tonse. Tisachite zomwezo kwa m'bale wathu chifukwa choti wadwala.

Matendawa sasankha mtundu kapena chipani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.