ULULU WA KUCHIRA NDI ULULU WA CHENJEZO

 Nkhani yathu ya lero ikuyambira kutali, m'dziko la Spain.

Pa 23 Okutobala 2005, mai Stella Obasanjo, mkazi wa a Olusegun Obasanjo amene adali Pulezidenti wa dziko la Nigeria pa nthawiyo, adamwalira mu mzinda wa Marbella ali ndi zaka 59. Maiwa adapita kumeneko kukachitidwa opaleshoni yopopa mafuta a pamimba. Pa nthawi ya opaleshoniyo, kapaipi kopopera mafuta kadapitirira malire, kadalowa m'kati mwa mimba ndi kuboola matumbo. M'chaka cha 2009, bwalo la milandu la mu mzinda wa Málaga lidapeza dotolo amene adagwira ntchitoyo wolakwa pa mlandu wophetsa munthu chifukwa cha kusasamala, ndipo lidanena kuti kuvulalako kukadadziwika msanga, mpata wochiza ukadakhalapo.

Mau akuti "msanga" ndiwo mutu wa nkhani yathu. Opaleshoni imeneyi, imene madotolo amaitcha liposuction, ndi imodzi mwa maopaleshoni okongoletsa thupi amene amachitika kwambiri pa dziko lonse lapansi. Kwathu kuno kunenepa kudali chizindikiro cha mtendere, koma lero otsatsa malonda a opaleshoniyi akufika mpaka pa mafoni a m'manja, ndipo mwana wanu, mlongo wanu kapena mnzanu wokhala ku Johannesburg kapena ku London angathe kukopeka. Tsiku lina wodwazika matenda angadzakhale inuyo. Tsono m'pofunika kudziwa kusiyanitsa ululu umene uli mbali ya kuchira ndi ululu umene ukuitana thandizo.

Tiyambe taona chimene chimachitika m'chipinda cha opaleshoni. M'zaka za m'ma 1970, madotolo a ku Rome, a Arpad Fischer ndi mwana wao Giorgio, pamodzi ndi dotolo wa ku Paris, a Yves-Gérard Illouz, adakonza njira yopopera mafuta ndi kapaipi kachitsulo kolumikizidwa ku makina oyamwa. M'chaka cha 1987, dotolo wa matenda a pakhungu wa ku California, a Jeffrey Klein, adafalitsa njira yoyamba kuthira m'mafutamo madzi ambiri a mchere osakaniza ndi mankhwala awiri: lidocaine, wochititsa dzanzi, ndi adrenaline, wofinya timitsempha kuti magazi asatayike ambiri. Madziwo akalowa, dotolo amaboola timabala pakhungu, nalowetsa kapaipi kaja ndi kumakayendetsa uku ndi uku kambirimbiri kunsi kwa khungu.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kunja mumangoona timabala tating'ono ngati njere ya nyemba, koma kunsi kwa khungu kumakhala tinjira tambirimbiri ngati m'chulu cha chiswe. Bala lenileni lili m'kati, ndipo lingathe kutambalala ngati lichero. Timitsempha ta magazi taduka, timinyewa timene timatumiza kumva kwa khungu tavulala, ndipo thupi liyenera kulumikiza zonsezi palokha. Walira mvula walira matope. Wofuna mimba yaphwa ayenera kulandira ndi ululu womwe.

Nanga ululu wa kuchira umaoneka motani? Tsiku loyamba wodwala angathe kudabwa kuti sakumva kuwawa kwenikweni, popeza mankhwala a dzanzi aja amakhala akugwirabe ntchito kwa maola ambiri. Pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu m'pamene zinthu zimafika pachimake. Thupi limaphwanya ngati la munthu amene wagalauza munda tsiku lathunthu atakhala nthawi yaitali osagwira khasu, pena pamawotcha, ndipo kudzuka pa bedi kapena kukhala pa mpando kumasanduka ntchito. M'masiku awiri oyambawo timabala tija timachucha madzi ofiirira, mpaka kunyowetsa nsalu zogonera. Ambiri mwa madziwo ndi omwe aja adathiridwa ndi dotolo, osakanikirana ndi magazi pang'ono, ndipo kutuluka kwake kumachepetsa kutupa.

Sabata yoyamba ikamatha, ululu umayamba kuchepa tsiku ndi tsiku. Khungu limabiriwira ndi kuda ngati la munthu womenyedwa, koma pakapita masabata awiri kapena atatu mtunduwo umazimirira. Wogwira ntchito ya mu ofesi kawirikawiri amabwerera ku ntchito patatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamene ntchito zolemetsa monga kusenza ndowa, kusinja ndi kulima zimadikira masabata anai kufikira asanu ndi limodzi. Dzanzi, kuyabwa, kulasalasa ngati singano ndi timibulu tolimba kunsi kwa khungu zingathe kupitirira kwa miyezi ingapo. Kutupa ndiko kumachedwa kwambiri, kotero kuti maonekedwe enieni a thupi amadziwika patatha miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Ambiri amataya mtima pa sabata yachiwiri poona kuti atupa kuposa kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chizindikiro chachikulu cha ululu wa kuchira n'chakuti umanka nuchepa. Ukatha masiku atatu oyamba, lero pamakhala bwinoko kusiyana ndi dzulo, ndipo mankhwala akamwedwa ululuwo umagonja.

Pali zinthu zinai zimene zimathandiza kuchira. Choyamba ndi chovala chothina cha lasitiki chimene dotolo amapereka. Chovalachi chimapanikiza khungu kuti limatirire bwino ndi kuletsa madzi kusonkhana m'tinjira tija, ndipo chimavalidwa kwa masabata angapo monga momwe dotolo walangizira. Chachiwiri ndi kuyenda. Ngakhale thupi likukana, wodwala adzuke ndi kuyendayenda pang'ono m'nyumba kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kugona chigonere kumachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Chachitatu ndi kumwa mankhwala mwa muyeso. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a Panado a mamiligalamu 500 pa maola 24, popeza kupyola pamenepo kumaononga chiwindi, ndipo asamwe asipirini popanda chilolezo cha dotolo, chifukwa amachedwetsa kuuma kwa magazi. Chachinai ndi kusamala za m'kamwa: madzi okwanira, zakudya zomanga thupi monga nyemba, mazira, nsomba ndi mtedza, ndi kuleka fodya, amene amachepetsa magazi ofika pakhungu ndi kuchedwetsa kupola kwa mabala.

Tsopano tcherani khutu, omvera, chifukwa tafika pa ululu wa chenjezo. Ululu umenewu umanka nukula m'malo mochepa, ndipo sumva mankhwala. Ngati mimba yalimba gwa, ikupweteka kwambiri, wodwala akusanza ndi kutuluka thukuta lozizira, nkutheka kuti matumbo kapena chiwalo china cha m'kati chabooka. Ngati thupi latentha kupitirira madigiri 38, khungu likuwotcha, kutupa kukufalikira mofulumira, kapena pabala pakutuluka mafinya onunkha, ndiye kuti tizilombo talowa, ndipo pali tina timene timaononga mnofu m'maola owerengeka okha. Ngati katumba wa mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, magazi angakhale ataundana m'mtsempha. Ngati wodwala wayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kulasa m'chifuwa, nkutheka kuti chibuluma cha magazi kapena timadontho ta mafuta tafika m'mapapo.

Palinso zizindikiro za usiku woyamba. Mankhwala a lidocaine amalowa m'magazi pang'onopang'ono, ndipo amachuluka kwambiri patapita maola khumi ndi awiri kapena kuposerapo, nthawi imene wodwala amakhala atatuluka kale m'chipatala. Dzanzi la m'milomo ndi lilime, kulira kwa m'makutu, chizungulire, kusokonezeka mutu ndi kunjenjemera kwa minofu zimasonyeza kuti mankhwalawo achuluka m'thupi. N'chifukwa chake munthu wochitidwa opaleshoniyi sayenera kugona yekha usiku woyamba. Ndipo pamene zopopedwazo zapitirira malita 5, madotolo a ku America amalangiza kuti wodwala agonekedwe m'chipatala kuti anamwino amuyang'anire mpaka kucha.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, musadikire kuti kuche, musathowe ndi madzi otentha, musaonjezere mapiritsi. Thamangirani ku chipatala chachikulu chimene chili pafupi, ndipo mukafika nenani zoona zokhazokha: opaleshoni yake, tsiku lake, malo ake ndi mankhwala amene wodwala akumwa.

Mfundo ya kunena zoonayi ndiyo yovuta. Ambiri amachititsa opaleshoniyi mobisa, osauza mwamuna, mkazi kapena makolo, poopa kusekedwa kuti ataya ndalama pa zachabe. Tsono ululu ukakula amaluma mano, nadziuza kuti adaziyamba dala. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inu achibale, nthawi ya kudzudzula idzakhalapo munthuyo akachira. Pa tsiku la ululu, funsani kumene kukupweteka, gwirani pamphumi, yang'anani miyendo, ndipo funani galimoto.

Kwa amene akulingalira zopita kunja kukachititsa opaleshoniyi, ulendo wobwerera nawo ndi mbali ya matenda. Kukhala maola ambiri pa mpando wa ndege kapena wa basi kumaonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi, kotero a zaumoyo a ku Britain amalangiza kudikira masiku 5 kufikira 7 munthu asanakwere ndege. Musanalipire kalikonse, funsani ngati dotoloyo adaphunzira ntchito imeneyi ndipo ndi wovomerezeka ndi bungwe la madotolo la m'dziko mwake. Funsani amene adzakuyankheni ululu ukadzakula pakati pa usiku, ndi amene adzakuoneni mukadzabwerera kwanu. Tengani kalata yofotokoza zonse zimene zidachitika. Safunsa adadya phula.

Dziwaninso kuti opaleshoniyi si mankhwala a kunenepa. Ntchito yake ndi kuchotsa mafuta a malo amodzi, monga pamimba, m'chiuno kapena m'ntchafu, ndipo mafuta a m'kati mwa mimba, ozinga matumbo ndi chiwindi, amene amayenderana ndi matenda a shuga ndi a mtima, kapaipi kaja sikawafika. Munthu akapitiriza kudya mopitirira muyeso, mafuta otsala amakula, ndipo ululu wonse uja umapita pachabe.

Pomaliza, omvera, sungani mfundo imodzi iyi. Ululu umene ukuchepa tsiku ndi tsiku upirireni, pakuti thupi lili pa ntchito yake. Ululu umene ukukula, kapena wobwera ndi kutentha thupi, kusanza kapena kubanika, upititseni kwa dotolo nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya kukugwa mvula. Mai Obasanjo adali mkazi wa mtsogoleri wa dziko, osasowa kanthu, koma chimene chidasowa pa tsiku lao la tsoka ndi kuzindikira msanga. Chimenecho wodwazika matenda ali yense angathe kuchipereka.