Tsiku limene ndinayamba kupita kwa mlangizi wa za maganizo

Pa chikondwerero ngati chino timakamba za phindu. Ine ndiloleni ndikambe za chaka chimene ndinatsala pang'ono kutayika.

Ambiri mumandidziwa ngati mayi wa zitenje. Ndimakaoda ku Tanzania kudzera pa Songwe n'kumagulitsa mumsika ku Lilongwe. Mu 2023 ndinatenga ngongole yaikulu kugulu lathu. Ndisananyamuke, mu November, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Katundu ndinabwera naye wochepa, ngongole ili yomweyo, chiwongoladzanja chikuyenda.

Tulo tinatha. Ndinkadzuka 2 koloko usiku n'kumawerengera ndalama zimene kulibe. Nsima inkakanika kutsika, ana ndinkangowakalipira. Tsiku la msonkhano ndinkatumiza sheya ndi mwana poopa maso a anzanga. Kuchipatala anandiyeza malungo, BP ndi shuga, osapeza kanthu. Namwino wina ndiye anandifunsa kuti, "Mayi, kodi kunyumba kuli bwanji?" Ndinangoyamba kulira. Ananditumiza kwa mlangizi wa za maganizo.

Ndinatha masabata atatu osapita. Ndinkati anthu akandiona anena kuti ndapenga, kwatsala n'kupita nane ku Zomba. Nanga wamisala angamubwereke ndalama ndani? Msungichuma wathu ndiye anandiperekeza, n'kundidikirira panja.

M'chipindamo munalibe jakisoni kapena zingwe, munali mipando iwiri basi. Poyamba anandiuza kuti zokambirana zathu n'zachinsinsi, pokhapokha moyo wanga kapena wa munthu wina utakhala pachiswe. Anandifunsa za tulo, za kadyedwe, za geni. Kenako anandifunsa mosapsatira ngati ndinaganizapo zodzipha. Ndinavomera. Sanadzidzimuke, sanandidzudzule. Anati awa ndi matenda a nkhawa, ndipo amachizika. Ndisanatuluke tinagwirizana munthu woti ndizimuimbira maganizo oipawo akabwera usiku.

Tinkakumana kamodzi pa sabata. Mavuto onse tinawalemba papepala n'kusankha limodzi loyamba nalo: kukauza gulu zoona. Ndinanjenjemera, koma ndinakanena, ndipo anzanga anandionjezera nthawi yobweza. Mlangizi sanandilipirire ngakhale tambala imodzi. Ngongole ndinamaliza ndekha, koma mutu uli m'malo.

Anzathu a ku Zimbabwe vutoli amalitcha kufungisisa, kuganiza kwambiri. Kwawoko kuli Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare, komwe agogo ophunzitsidwa amamvetsera anthu atakhala pa benchi pachipatala. Ku Malawi kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kulikonse kumene muli, yambirani pachipatala chapafupi, mufunse namwino woona za maganizo.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, thumba lathu la mavuto limathandiza pa maliro ndi pa matenda. Lizithandizanso thiransipoti ya mayi wopita kwa mlangizi. Tisadikire kudzasonkha ya bokosi. Lachiwiri, mayi akajomba misonkhano iwiri, tisathamangire kulemba chindapusa. Awiri a ife anyamuke akamuone, akamufunse ngati akugona tulo.

Ngati pano pali wina amene akudzuka 2 koloko usiku, andipeze tikamadya. Ndidzamuperekeza, ndipo ndidzamudikirira panja.