Kompyuta Yatsopano Ikamachedwa, Yambani Mwayang'ana Chingwe

 Lero tikambirane za vuto limene ambiri a inu ogwira ntchito m'maofesi, m'sukulu ndi m'mabizinesi ang'onoang'ono mwakumana nalo kale, kapena mukumana nalo posachedwa. Mwagula kompyuta yatsopano, kapena mwaika zipangizo zamakono m'kompyuta yakale, mwailumikiza ku netiweki ndi chingwe, koma m'malo mothamanga ikungokwaŵa ngati nkhono. Nkhaniyi yafika pa nthaŵi yake, pakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka kupereka chithandizo cha nthaŵi zonse cha Windows 10, ndipo maofesi ambiri akhala akusintha makompyuta kuti asamukire ku Windows 11.

Ndiyambe ndi zimene zidandionekera ine mwini. Kuntchito adandipatsa kompyuta yatsopano yokonzera mapologalamu a pa wailesi. Ntchito yoyamba idali kukoperamo mawu onse amene tidajambula m'midzi, okwana magigabyte 60, kuchokera ku kompyuta yaikulu yosungira zinthu imene timaitcha seva. Kompyuta yakale inkatsiriza katundu wotere pa mphindi khumi. Yatsopanoyo idandiuza kuti ndidikire ola limodzi ndi theka, chonsecho pologalamu inkayenera kuulutsidwa madzulo omwewo. Mtima udandipsa. Ndidanena pamaso pa anzanga kuti wogulitsa watiyeretsa m'maso, ndiponso kuti mnyamata amene adaika kompyutayo sadziŵa ntchito yake. Mnyamatayo sadandiyankhe. Adangokoka mpando, nakhala pansi, nayamba kufufuza. Njira imene adatsata ndiyo ndikufuna kugaŵana nanu lero.

Choyamba adafuna kudziŵa ngati vuto lili m'nyumba kapena kunja. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziŵiri, intaneti ndi netiweki ya mu ofesi. Netiweki ya mu ofesi ndiyo zingwe zimene zimalumikiza makompyuta anu, printa, seva ndi rauta. Intaneti imachokera kutali. Dziko lathu la Malaŵi silidafike ku nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera pa zingwe za fibre zodutsa m'maiko a Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene idayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy, ya mu 2010. Mu Meyi 2024 zingwe ziŵirizi zidaduka pansi pa nyanja, ndipo intaneti idachedwa m'maiko angapo a kum'maŵa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo kuno kwathu. Pa masiku otero palibe chimene mungakonze pa tebulo panu.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Yesani kompyuta ina pa rauta yomweyo. Ngati zonse zikuchedwa mofanana potsegula intaneti, funsani kampani imene imakugulitsani intanetiyo, ndipo kumbukirani kuti ngati mumalipira liŵiro la mamegabit 20, kompyuta yatsopano singakupatseni loposa pamenepo. Koma ngati ina ikuthamanga, yatsopano yokhayo n'kumachedwa, vuto lili pakati pa kompyutayo ndi rauta. Kwathu zidali choncho. Katundu wathu ankachokera ku seva ya m'chipinda choyandikana nafe, ndipo intaneti sidakhudzidwe n'komwe.

Chachiŵiri, dziŵani kuŵerenga manambala amene kompyuta ikukuonetsani. Liŵiro la netiweki limayezedwa m'mamegabit pa sekondi, pamene kukula kwa fayilo kumayezedwa m'mamegabyte. Byte imodzi ndi mabit 8. Choncho njira ya mamegabit 100 imanyamula mamegabyte 11 kapena 12 pa sekondi, ndipo ya mamegabit 1,000, imene imatchedwa gigabit, imanyamula pafupifupi 110. Munthu wosadziŵa zimenezi amatha kudandaula pamene zonse zili bwino. Koma nambala yomweyo imaululanso matenda. Mnyamata uja adaona kuti kukopera kwathu kudaima nji pa mamegabyte 11, osakwera, osatsika. Adagwedeza mutu nati, "Akulu, kompyutayi siikudwala ayi. Pali chimene chaimangirira pa 100."

Kuti timvetse mawu akewo, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Njira yolumikizira makompyuta ndi chingwe imatchedwa Ethernet. Adaiyambitsa Robert Metcalfe ndi anzake mu 1973 ku malo ofufuzira a kampani ya Xerox, ku Palo Alto m'dziko la America. Mu 1990 kudakhazikitsidwa muyezo wa mamegabit 10 pa mawaya opotana, onga a lamya. Mu 1995 liŵiro lidafika pa 100, ndipo mu 1999 lidafika pa 1,000. Mu 2016 kudabweranso miyezo ya magigabit 2.5 ndi 5. Mibadwo yonseyi imagwiritsa ntchito pulagi yofanana, n'chifukwa chake chipangizo cha zaka makumi aŵiri zapitazo chimalumikizana bwinobwino ndi cha chaka chino, inu osazindikira kuti chimodzi chikubweza chinzake.

Mukangoloŵetsa chingwe, zipangizo za mbali ziŵirizo zimayamba zakambirana. Chilichonse chimanena liŵiro limene chingathe, kenaka zimagwirizana pa lalikulu limene zonse ziŵiri zingakwanitse. Alimi a ngolo mukudziŵa kuti ng'ombe ziŵiri zikakhala pa goli limodzi, ulendo umayenda pa mphamvu ya yofookayo. Mungagule nkhunzi yamphamvu chotani, koma mukaimanga ndi inzake yotsimphina, ngolo siifulumira. Kompyuta yatsopano ndiyo nkhunzi ija. Ntchito yanu ndi kupeza yotsimphinayo.

Chachitatu tsono, funsani kompyuta liŵiro limene yagwirizana ndi inzake. Pa Windows tsegulani Settings, loŵani pa Network and Internet, musankhe Ethernet, ndipo muona mzere wonena za link speed. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi lamulo lotchedwa ethtool, limene limanena zomwezo. Mukaona 1000 kapena 2500, njira ili bwino ndipo vuto lili kwina. Mukaona 100 kapena 10 pa kompyuta yamakono, mwapeza mapazi a wakuba, chatsala n'kuŵalondola. Yathu idalemba 100.

Chachinayi ndicho chingwe, ndipo apa mumvetsere bwino, chifukwa kaŵirikaŵiri mlandu umathera pomwepa. M'kati mwa chingwe cha netiweki muli timawaya 8, topotana tiŵiritiŵiri m'magulu anayi: la olenji, lobiriŵira, labuluu ndi labulauni. Liŵiro la mamegabit 100 limangofuna magulu aŵiri, la olenji ndi lobiriŵira. Gigabit imafuna magulu onse anayi. Kawaya kamodzi kokha kabuluu kapena kabulauni kakaduka, kapena kakalephera kukhudza bwino m'pulagi, zipangizo zambiri sizidandaula. Zimangotsika mwakachetechete kufika pa 100, nyali n'kumayakabe, intaneti n'kumatsegukabe, inu n'kumayesa kuti chingwe chili bwino.

Mnyamata uja adagwada pansi pa tebulo, nazula chingwe, nakweza pulagi yake ku zenera kuti kuŵala kudutsemo. "Akulu, taŵerengani timawaya tili umu." Ndidaŵerenga. Tidali tinayi basi. Chidali chimodzi cha zingwe zija zimene zinkabwera m'bokosi limodzi ndi marauta akale, zopangidwa ndi magulu aŵiri okha pofuna kuchepetsa mtengo. Nanga chidafika bwanji pamenepo? Ndidakumbukira ndi manyazi kuti m'maŵa wa tsikulo ndidasuntha tebulo ndekha kuti kompyuta yatsopano ikhale pabwino. Chingwe chakale chidapereŵera, ndipo ndidangotola china m'kabati osauza munthu.

Poyang'ana chingwe chanu, ŵerengani zolembedwa pa khungu lake. Cat5e imakwanira gigabit mpaka mamita 100. Cat6 imatero nayonso, ndipo imatha kunyamula magigabit 10 pa mtunda waufupi wosapitirira mamita 55. Chingwe chimodzi chisatalike kuposa mamita 100. Onani ngati chapanidwa ndi chitseko, chapondedwa ndi mwendo wa mpando, kapena chatafunidwa ndi makoswe kudenga. Chenjeraninso ndi zingwe zotchipa zolembedwa CCA, zimene m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, pakuti zimathyoka msanga. Mayeso abwino koposa ndi aŵa: tengani chingwe chachifupi chimene mukudziŵa kuti ndi chabwino, nyamulani kompyuta, mukailumikize mwachindunji pa rauta. Liŵiro likakwera, mlandu ndi wa chingwe chakale kapena wa soketi ya pa khoma.

Ngati chingwe chili bwino koma nambala ikadali 100, chachisanu ndi kuyang'ana kumene chingwecho chikuloŵa. Marauta ndi maswitch ambiri akale kapena otchipa ali ndi maboo a mamegabit 100 okha. Mukaona mawu akuti Fast Ethernet kapena 10/100 pa chipangizo, musanyengedwe ndi dzina lokomalo, limatanthauza 100 basi. Cha gigabit chimalembedwa 10/100/1000. Nthaŵi zina boo limodzi lokha ndilo lawonongeka, makamaka pambuyo pa mphezi, choncho yesani lina. Enanso muli ndi malaputopu opyapyala amene alibe poloŵetsa chingwe cha netiweki, ndipo mudagula kachipangizo kolumikizira pa USB. Tambiri totchipa timalekeza pa 100, ndipo ngakhale ka gigabit kakaloŵetsedwa pa USB 2.0, imene malire ake ndi mamegabit 480, sikangafike pa mphamvu yake yonse.

Chachisanu ndi chimodzi ndi pologalamu yaing'ono yotchedwa driver, imene imathandiza Windows kulankhula ndi khadi la netiweki. Mukaika Windows yatsopano, nthaŵi zina imadzisankhira driver yakale. Pitani pa tsamba la kampani imene idapanga kompyuta yanu kapena khadilo, monga Intel kapena Realtek, mukatenge yoyenera. Kenaka mu Device Manager, pa khadi la netiweki, onani kuti Speed and Duplex ili pa Auto Negotiation. Musaumirize mbali imodzi pa liŵiro lokhazikika pamene inayo ikusankha yokha. Mukatero mbali ziŵirizo zikhoza kusemphana, ina n'kumalankhula ndi kumva nthaŵi imodzi, ina n'kumadikira kuti zizisinthana, ndipo liŵiro limagwa koposa kale. Palinso njira yosungira magetsi yotchedwa Energy Efficient Ethernet, ya mu 2010, imene siigwirizana ndi maswitch ena akale. Ngati kulumikizana kukudukaduka, yesani kuizimitsa muone.

Chotsiriza ndi cha inu amene mwapeza 1000 pa link speed koma zinthu zikuchedwabe. Kompyuta yatsopano imakhala ndi njala masiku oyambirira. Imakoka zokonza za Windows, imatsitsa mafayilo anu kuchokera ku OneDrive, zonsezi kumbali inu osaona. Tsegulani Task Manager muone pologalamu imene ikudya netiweki, kapena ingoisiyani kompyutayo yoyaka usiku umodzi itsirize. Kumbukiraninso kuti diski yakale yozungulira ya mbali inayo imachedwa kwambiri ikamakopera timafayilo tating'ono tambirimbiri, ngakhale njira ikhale yotakata. Amisiri ali ndi pologalamu yaulere yotchedwa iperf, imene imayeza liŵiro la netiweki yokha pakati pa makompyuta aŵiri popanda kukhudza diski.

Pa zonsezi gwirani lamulo limodzi. Sinthani chinthu chimodzi pa nthaŵi, muyeze, mulembe pa pepala zimene mwapeza, kenaka mupite ku china. Mukasintha chingwe, rauta ndi driver nthaŵi imodzi, vuto likhoza kutha, koma simudzadziŵa chimene chidalakwika, ndipo mwina mwataya ndalama za ofesi kapena za sukulu pogula rauta pamene cholakwa chidali chingwe. Yambani ndi chotchipa ndiponso chapafupi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwathu mnyamata uja adabweretsa chingwe cha Cat5e chotalika mamita asanu. Nambala idalumpha kuchoka pa 100 kufika pa 1000, katundu yense adaloŵa pa mphindi zosakwana khumi, ndipo pologalamu idamveka pa nthaŵi yake. Chingwe tidachisintha pa mphindi imodzi, koma mawu amene ndidamunenera pa gulu sadathe kuzulidwa msanga chotero. M'maŵa mwake ndidamupepesa pamaso pa anthu omwe aja, pakuti pamene ndidamunyozera ndi pomwe ndidayenera kumuyeretsera. Kalata yodandaula imene ndidayamba kulembera wogulitsa ndidaing'amba.

Choncho, omvera anga, kompyuta yatsopano ikamachedwa, musanadzudzule wogulitsa kapena mmisiri, yang'anani link speed, zulani chingwe, muŵerenge timawaya. Tikakhala 8, pitirizani kufufuza monga tafotokozera. Tikakhala 4, mwapeza kale yankho. Kwa lero ndalekeza pomwepa.