Mabatire Akutha Asatayidwe M'madzi: Mawu kwa Makomiti a M'madooko ku Phalula



Lero ndabwera ndi nkhani ya achule. Musaseke. Chule amamwa madzi kudzera pakhungu, ndipo amaikira mazira opanda chigoba m'madzi momwemo. Choncho madzi akaipa, amayamba kuvutika ndi iyeyo, chambo ndi mlamba zisanaonetse chizindikiro.

Mabatire a mafoni ndi a nyali zambiri zotchaja amakhala ndi lithium. Mu 1986 akatswiri a sayansi anaonetsa kuti mazira a chule wa mu Africa wotchedwa Xenopus akaviikidwa mu mchere wa lithium, mbululu imakula mutu koma thupi ndi mchira zimapinimbira. Iwo anathira wambiri, n'zoona, ndipo batire limodzi silingaononge mtsinje wa Shire. Nkhawa yanga ili pa zithaphwi ndi madambo amene amaphwera mu Okutobala. Madzi akachepa, poizoni satha kusungunuka bwino, pomwe m'menemo ndi mmene achule amaswana mvula ikagwa.

Pempho langa n'lakuti komiti iliyonse iike chigubu chotseka padooko, pamthunzi, choponyamo mabatire akutha. Musawatenthe kapena kuwaboola, amaphulika. Ana asaseweretse. Mukaona ambululu opunduka kapena akufa ambiri, dziwitsani ofesi ya za usodzi msanga.