Manja a Msodzi: Sopo Poyamba, Sanitaiza Pambuyo



Lero nkhani ya maukonde ndi nyengo yotseka nyanja tayamba taiika pambali. Tikambirane za manja athu. Nonse mukukumbukira kolera yomwe inayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kufalikira dziko lonse mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Anzathu a ku Nyanja ya Chilwa anaziona kale kumapeto kwa 2015, pamene matendawa anagwira asodzi okhala m'zimbowera. Padoko pamasonkhana anthu ambiri, zimbudzi n'zochepa, ndipo madzi omwe wina wadzithandiziramo ndi omwewo wina akutunga. Tizilombo ta kolera timachoka m'chimbudzi cha munthu n'kufika m'kamwa mwa mnzake kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja.

Ambiri mwa ife timati, "Ine ndimakhalira m'madzi tsiku lonse, manja anga angade bwanji?" Madzi a m'nyanja amachotsa mchenga, koma mafuta a nsomba sachoka ndi madzi okha, ndipo tizilombo timamatirira m'mafutamo ndi m'zikhadabo. Ntchito ya sopo ndi kusungunula mafutawo kuti litsiro lichoke pamodzi ndi thovu. N'chifukwa chake tiyenera kutikita kwa masekondi osachepera 20, pakati pa zala, kuseri kwa manja ndi m'zikhadabo, kenako n'kutsukuluza ndi madzi ochita kuthira. Madziwo akhale a pamjigo kapena othira klorini. Chizolowezi chosamba anthu asanu m'beseni limodzi tisanadye nsima tichisiye, chifukwa womalizayo amasamba litsiro la anzake onse. Mwana kawirikawiri ndiye amamalizira.

Tsono tibwere pa sanitaiza, mankhwala opaka m'manja aja tinawadziwa kwambiri nthawi ya Covid-19 mu 2020. Ndi abwino, koma tiwadziwe malire ake. Sanitaiza amapha tizilombo chifukwa cha alikoholo yemwe ali m'katimo, ndipo ayenera kukhala 60 peresenti kapena kuposa. Muziwerenga pabotolo musanagule. Sanitaiza sachotsa litsiro. Mayi amene wangotumbula mlamba, manja ali magazi ndi mafuta, akapaka sanitaiza wangotaya ndalama, chifukwa mankhwalawo safika pakhungu. Palinso tizilombo tina totsegula m'mimba tomwe sitifa msanga ndi sanitaiza, koma sopo ndi madzi amatikokolola.

Nanga amathandiza liti? Pamene manja akuoneka oyera koma madzi ndi sopo zili kutali: muli pa lole kupita ndi usipa ku Limbe kapena ku Lilongwe, mwawerenga ndalama pamsika ndipo mukufuna kudya chitumbuwa, mwachokera kukaona wodwala kuchipatala. Thirani wokwanira kunyowetsa manja onse, tikitani mpaka aume okha, osapukutira pachitenje. Chenjezo lalikulu kwa ife asodzi ndi moto. Sanitaiza amayaka. Musayandikire nyali, mbaula kapena ng'anjo yowambira nsomba manja asanaume, ndipo botolo lisakhale pamene ana angalifikire n'kumwa. Enanu mwina mukuganiza za kachasu. Ameneyo mphamvu yake palibe amaiyeza, musamudalire.

Amakomiti, apa ndi pamene pali ntchito yanu. Mumatha kale kugwirizana ndi mafumu pa malamulo a padoko, ndiye nkhani ya posambira m'manja isakukanikeni. Mpondagiya safuna ndalama zambiri: chigubu cha malita 5, mitengo, chingwe ndi sopo womangirira kuti asasowe. Akhale pakhomo pa chimbudzi chilichonse, pafupi ndi mathandala oyanikira usipa, ndi pamene amayi amagulitsa nsima ndi tiyi. Sopo akatha, phulusa la pamoto lithandizeko podikira wina, kusiyana n'kusamba madzi okha. Musankhe munthu wodzaza madzi tsiku lililonse, chifukwa mpondagiya wouma timamuona m'madoko ambiri, waima ngati chokongoletsera. Eni maboti, m'boti lopita kukagona panyanja muzikhala chigubu cha madzi a klorini ndi kachidutswa ka sopo, monga momwe simuiwalira mafuta a injini.

Nthawi zosamba ndi izi: pochokera kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanagwire nsomba zoyanika kapena zowamba, musanaphike, musanadye ndi musanadyetse mwana. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi ngati otsukira mpunga, mumwetseni Thanzi ORS pomwepo, ndipo apitirize kumwa m'njira popita naye kuchipatala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumudziwitse tsiku lomwelo, ndipo ndi yemwenso mungamufunse za klorini wothira m'madzi.