ZA CITSULO CA NKHONDO NDI NDARAMA ZA BOMA

Tapempha malo kuti tinene mau pang'ono pa nkhani ya citsulo, pakuti ngakhale iri nkhani yakale, mathero ace afika pakhomo pathu.

Poyamba tikumbuke kuti citsulo si cinthu cacilendo m'dziko muno. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja alikuyenga mtapo m'ng'anjo zadothi, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Yohanna Abdallah, m'buku lace la mbiri ya Ayao la 1919, anena za Acisi, osula amene ankayenda ndi makasu midzi ndi midzi, ndipo pomwepo panayambira malonda akutali a Ayao. Koma atadzaza makasu a ku Ulaya m'masitoro, ng'anjo zathu zinazima imodzi imodzi; osula otsala anangosula zidutswa za zitsulo zakutha.

Tsono m'caka ca 1939 inabuka nkhondo yaikuru yaciwiri. Citsulo ca ku Mangalande cinapita ku mfuti ndi zombo, ndipo zombo zambiri zamalonda zinamizidwa panyanja. Maiko a kuno amene anazolowera kugula kunja anasauka naco citsulo. Taonani cimene anacita maboma awiri a kumwera.

Ku South Africa Boma linali litakhazikitsa kale kampani yace ya Iscor m'caka ca 1928, ndipo ng'anjo za ku Pretoria zinayaka m'caka ca 1934. Pofika nkhondo, mkuru wa kampaniyo, Hendrik van der Bijl, anaikidwa woyang'anira zipangizo zonse za nkhondo, ndipo nchito inakuzidwa kufikira kumanga pamalo pena patsopano, pamene lero pachedwa Vanderbijlpark.

Ku Southern Rhodesia kunali kafakitale kakang'ono ku Bulawayo kosungunula zitsulo zakale. M'caka ca 1942 Boma la Godfrey Huggins linakatenga kukhala ka Boma, niliika bungwe loyang'anira citsulo, niliturutsa ndarama zomangira ng'anjo yaikuru ku Redcliff, pafupi ndi Que Que, pamene panali mtapo ndi miyala ya laimu. Malasha anacokera ku Wankie pa njanji. Ng'anjo imeneyo inayamba nchito m'caka ca 1948, nkhondo itatha.

Nanga ife a Nyasaland tinali kuti? Tinalipo ndithu. Anyamata athu a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ena, pofuna ndarama ya msonkho, anapita ku Halale ndi ku Joni kukalowa m'migodi ndi m'minda ya Azungu, ndipo ambiri anasanduka machona. Njanji inapyola pa Balaka kunka ku Salima m'caka ca 1935, miyala ya laimu iri pafupi m'mapiri a Chenkumbi; koma Boma la ku Zomba silinamange ng'anjo yotere kuno. Ife tinapereka manja. Ng'anjo inaima kwa amene anapereka ndarama.

Ndiponso tisaiwale mathero a ng'anjo ya ku Redcliff. M'caka ca 1957 Boma linaipereka m'manja mwa makampani. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu m'caka ca 1980 inachedwa Zisco, nikhala m'manja mwa Boma. Koma ngongole zinacuruka, makina anakalamba osakonzedwa, ndipo m'caka ca 2008 moto unazima. Potero tiona kuti ndarama za Boma zikhoza kuyatsa ng'anjo, koma popanda kuyang'anira bwino siziisunga.

Mafumu, tanena izi cifukwa ca phiri la Kangankunde m'boma la Balaka, m'mene muli miyala yosowa imene maiko akuru aifunitsa pa makina ndi pa zida zao. M'caka ca 2022 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, inapangana zogula mgodi umenewo. Monga nkhondo inakweza mtengo wa citsulo, comweco kulimbana kwa maiko lero kwakweza mtengo wa nthaka yathu. Akuru anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Cifukwa cace tipempha msonkhano uno kuti, pofika alendo kudzapempha malo, Mafumu afunse mafunso atatu pamaso pa anthu ao, ndi kuti mayankho alembedwe. Loyamba: ndarama zicokera kwa yani, ndipo gawo la Boma ndi la anthu osamutsidwa ndi lotani? Laciwiri: kodi miyala idzayengedwa kuno, kapena idzangokwera sitima? Lacitatu: ana athu adzaphunzitsidwa luso lanji limene lidzatsala mgodi utatha?

Makolo athu anadziwa kuyenga mtapo asanaone Mzungu. Si camwano kuti adzukulu ao afunse.