KUSANKHA MALO OKHALA KU MAPIRI A THYOLO

Lero tikambirana za kusamuka, makamaka za munthu amene afuna kudzamanga m'boma la Thyolo, kapena kuchoka mudzi wina kupita kwina m'boma lomweli. Anthu otere ndi ambiri. Ena abwera kudzafuna ntchito yothyola tiyi. Ena apuma pa ntchito ku Limbe kapena ku Joni, ndipo abwera ndi kandalama kao m'thumba. Enanso ndi ana athu omwe amene alowa m'banja koma munda wa makolo wachepa.

Munthu woyenda pa mseu wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje akaona tiyi wobiriwira chaka chonse amayesa kuti kuno paliponse khasu lingagwire. Si choncho ai. Amene asankha malo molakwa amataya ndalama za zaka zambiri, ndipo ena ataya ngakhale moyo. Tsono mvetserani bwino.

Poyamba tidziwe chifukwa chake malo ali ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, ndiye kuti ndi limodzi la maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili m'manja mwa maesiteti. Tiyi anayamba ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo cha mu 1908 pa Bandanga, ndipo Satemwa inatsegulidwa mu 1923. M'zaka zomwezo Alomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique, napeza Amang'anja, ndipo ochuluka a iwo anakhala pa malo a Azungu namagwira thangata. Mu 1946 Bwana Sidney Abrahams anafufuza nkhani ya malo, nalangiza Boma kuti ligule malo a maesiteti amene sanali kulimidwa. Chipolowe cha 1953 chinayambira m'boma lino, ndipo mkwiyo wa malo unali m'kati mwake. Thangata anatha mu 1962, koma kuchepa kwa malo sikunathe. Choncho mlendo adziwe kuti nkhani ya malo kuno ndi chilonda chakale, ndipo aiyendere mofatsa.

Choyamba chofunsa ndi ichi: malowa ndi a yani? Pali malo a esiteti okhala ndi mapepala ao, pali malo a Boma monga nkhalango zotetezedwa ndi m'mbali mwa mseu ndi njanji, ndipo pali malo a mafumu. Tchire limene mwaliona pakati pa tiyi ndi mtsinje musati lilibe mwini. Nthawi zambiri ndi la esiteti, limene alisiya kuti lisunge madzi, kapena ndi bulugamu wa nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale. Munthu akakuitanirani kuseri nati ndikugulitsani pamenepo motchipa, kanani. Pitani kwa nyakwawa masana, anthu akuona. Nyakwawa akutengereni kwa gulupu, ndipo mfumu yaikulu ya deralo idziwe, kaya ndi a Bvumbwe, a Nchilamwela, a Kapichi, a Changata, a Nsabwe kapena ena. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, amene wapampando wake ndi gulupu, ndipo amai ali ndi mipando yao m'menemo. Kumene komiti yotere ikugwira ntchito, idutseniko. Malire muwayende ndi eni minda yoyandikana, ndipo zonse zilembedwe.

Kumbukiraninso mwambo. Kuno anthu ambiri amatsata chikamwini: munda umayenda ndi mbumba, kuchoka kwa mai kupita kwa ana ake aakazi. Bambo amene akuonetsani munda angakhale mkamwini chabe, wopanda mphamvu pa nthaka imeneyo. Funsani mwinimbumba, funsaninso alongo ake. Paja safunsa anadya phula. Ndipo inu anyamata amene mufuna kumanga nyumba ya malata kwa akazi anu, khalani pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri njerwa isanaumbidwe, kuti mawa ana anu asadzalire pa bwalo.

Chachiwiri ndicho phiri ndi madzi. Malo muwaone kawiri. Pitani mu Okutobala, nthawi ya mwamvu, mukaone kumene amai amatunga madzi. Ngati kasupe wauma, ndipo mjigo uli kutali koyenda ola lathunthu kukwera chitunda, dziwani kuti mtolo umenewo udzakhala pa mutu pa akazi anu ndi ana anu tsiku ndi tsiku. Kenaka mubwererenso mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati, mukaone kumene madzi amathamangira. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa kwambiri pofuna minda, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Akulu akukumbukira napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi wa ku Phalombe wa 1991. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula mapiri ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo chino cha kumwera, ndipo Thyolo sanatsale m'mavutowo. Musamange m'khwawa ngakhale likuoneka louma. Musamange pansi pa chitunda chadazi, kapena pamene pali miyala ikuluikulu yooneka kuti inachita kugubuduka kuchokera pamwamba. Nkhalamba za pamudzipo zimadziwa njira imene madzi anadutsa kale. Zifunseni.

Munda wotsetsereka umafuna ntchito yoposa munda wa pachidikha. Muyenera kuika akalozera, kulima mizere yopingasa ndi ya ngonyeka, ndi kubzala udzu wa vetiva. Mukapanda kutero, nthaka yanu pamodzi ndi feteleza amene mwagula zidzapita ku Nsuwadzi kapena ku Ruo. Alangizi a zaulimi alipo kuti akuthandizeni, ndipo ndi bwino kuwaitana musanalandire mundawo.

Chachitatu: mudzadya chiyani pamenepo? Thyolo si dera limodzi, ndipo msika uliwonse uli ndi khalidwe lake. Ku Bvumbwe n'kufupi ndi Limbe. Kumeneko matimati, kabichi, mpiru ndi mkaka wa ng'ombe zimapeza wogula msanga, ndipo kuli malo a Boma ofufuzira za mbeu. Koma chifukwa cha zomwezo anthu ndi ambiri ndipo malo ndi odula. Pa boma penipeni pali maofesi, chipatala chachikulu ndi polisi, koma tiyi wazungulira tauni, ndiye munda woti mulime chimanga chodya chaka chonse ndi wovuta kuupeza. Ku Luchenza, kumalire ndi Mulanje, n'kotsika ndi kotentherapo. Ndi tauni imene inakula chifukwa cha njanji, ndipo imayenera munthu wa malonda, wa chigayo kapena mmisiri. Ku Goliati kwasintha chitsegulire sukulu ya ukachenjede ya MUST pa Ndata mu 2014, pakuti ophunzira ndi antchito amafuna chakudya ndi nyumba. Ku Makwasa kuli maesiteti ndi chipatala cha Malamulo, pa mishoni imene inayamba mu 1902. Ku Masambanjati ndi ku Thekerani n'kumapiri otsetsereka kwambiri, kwao kwa nthochi, chinangwa ndi nandolo, koma msika waukulu uli kutali ndipo mtengo wa galimoto umadya phindu.

Amene mukudalira nthochi chenjerani. Matenda a chisaka anaononga minda yambiri ya nthochi m'boma lino. Matendawa amafala ndi nsabwe za m'zomera, ndiponso ndi mbeu imene munthu watenga pa phata lodwala. Musanyamule ana a nthochi kuchokera kumudzi kwanu kwakale, kapena kupempha kwa mnansi, osaonetsa alangizi.

Amene mukudalira ntchito ya pa esiteti, werengani miyezi. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala kufika cha mu Epulo, ndipo ndi pamene makampani amalemba anthu ambiri. Chilimwe chikafika ntchito imachepa, ndipo ambiri amabwerera kwao. Onaninso kuti miyezi yothyola tiyi ndiyo yomweyo yopalira ndi kubandira chimanga. Ngati nonse awiri muli ku tiyi, munda apalire ndani? Nyumba ya pa kampani ndi yanu pokhapokha muli pa ntchito, ndiye musaiyese mudzi. Ndipo ngati mufuna kudzilimira tiyi wanu, monga alimi ang'onoang'ono akhala akuchitira chiyambire bungwe lao mu 1967, dziwani kuti mbande imatenga zaka zitatu kapena kuposa isanakupatseni kanthu, ndipo tsamba liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwe mwathyola. Munda wa tiyi umene uli kutali ndi pokwezera masamba ndi munda wa chisoni.

Chachinai ndicho chipatala, sukulu ndi mseu. Yendani wapansi kuchoka pa malowo kufika ku chipatala, muganizire mai wodwala pakati pa usiku mvula ikugwa. Onani ngati ana adzaoloka mtsinje popita ku sukulu, ndipo ngati pali mlatho kapena miyala chabe. Mseu wa dothi lofiira umene njinga yamoto imathamangapo mu Ogasiti umaterera ngati sopo mu Febuluwale. Komanso kumtunda kuno kumazizira mu Juni ndi Julai, chiperoni chikagwa masiku angapo dzuwa osaoneka. Wochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje akonzekere zofunda za ana.

Pali phunziro limene anthu a boma lino anaphunzira okha. Kuyambira 2004 kufika 2011 Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja oposa 15,000, ambiri a ku Thyolo, Mulanje, Machinga ndi Mangochi, analowa m'magulu nagula malo a maesiteti ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu, banja lililonse pafupifupi mahekitala 2, ndiwo maekala 5. Ambiri anakolola chimanga choposa chimene ankapeza kwao. Koma ena anabwerera, pakuti kumene anapita madzi, sukulu ndi chipatala zinali kutali, ndipo kwina sanamvane ndi eni dera. Munda unali waukulu ndithu, koma munda pawokha si mudzi. Mau amenewa ndi oona kwa wochoka ku Thyolo, ndi oonanso kwa wobwera.

Tsono kwa inu mafumu. Mlendo akafika pakhomo panu, muuzeni zoona. Ngati malo atha, nenani kuti atha. Musapereke munda umodzi kwa anthu awiri, musalande munda wa mai wamasiye kapena wa ana amasiye chifukwa cha ndalama ya mlendo, ndipo musaloze munthu m'nkhalango ya Boma kapena m'malire a esiteti. Pamene mukudziwa kuti napolo anadutsapo, letsani kumanga, ngakhale munthuyo akwiye. Sungani buku lolembamo amene mwapatsa malo, tsiku lake, malire ake ndi mboni zake. Milandu yambiri imene imakutopetsani pa bwalo imayamba chifukwa chosalemba.

Ndipo inu osamuka, musagulitse munda wanu wakale musanakolole kamodzi pa malo atsopano. Ngati n'kotheka, yambani mwachita lendi kanyumba pa msika wapafupi, muone dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi, kenaka mugule malata. Sabata ya mawa tidzakamba za kaikidwe ka akalozera m'minda yotsetsereka.